Pampu, gasi, kabotolo kakang'ono kapena Coravin: chimasungadi vinyo wotsala ndi chiti?

Botolo la vinyo la nthawi zonse ndi la mamililita 750, ndipo mumatuluka matambula asanu a mamililita 150. Anthu awiri akamwa tambula imodzi aliyense, m'botolo mumatsala vinyo woposa theka, malo otsalawo n'kudzaza mpweya. Vuto lonse lagona pa mpweya umenewo. Njira zosungira vinyo wotsegula zilipo zambiri, zina zaulere, zina zodula kuposa vinyo amene zikusungayo, koma iliyonse tiyenera kuifunsa mafunso awiri okha: yachepetsa bwanji mpweya wokhudzana ndi vinyo, ndipo vinyoyo akukhala pozizira kapena pofunda?

Masamu pang'ono athandiza kuti kuyerekezaku kumveke. Mu mpweya umene timapumawu, magawo 21 pa 100 alionse ndi okosijeni. Botolo likafika theka mumakhala mamililita 375 a mpweya, kutanthauza okosijeni wokwana mamililita pafupifupi 79, amene kulemera kwake kumaposa mamiligalamu 100. Vinyo wotsalayo, mamililita 375, amatha kumwa mamiligalamu atatu okha a okosijeni pa nthawi imodzi. Akatha amenewo amamwa ena, akathanso amamwa ena. Mpweya wa m'botolo lotheka ndi wokwanira kukhutitsa vinyoyo maulendo oposa 30, ngakhale mutatseka mwamphamvu bwanji.

Choyamba kuthawa ndi fungo la zipatso. Kenako sulfite, mankhwala amene opanga vinyo amathiramo kuti azimuteteza, amatha pang'onopang'ono, ndipo mowa wa m'vinyomo umayamba kusanduka acetaldehyde, amene fungo lake ndi la apozi wodula amene wada. Vinyo woyera amaderako, wofiira amatuwa n'kumaoneka wofiirira ngati dothi. Pomaliza pamabwera tizilombo ta Acetobacter timene timasandutsa mowa kukhala viniga, ndipo timagwira ntchito bwino pamene pali mpweya ndi kutentha. Vinyo wofika pamenepa sadwalitsa munthu. Wangosukuluka, kenako wasasa.

Kutseka n'kuika mufuriji

Iyi ndiyo njira imene zina zonse ziyenera kupikisana nayo, chifukwa siilira ndalama iliyonse. Kuzizira sikuchotsa mpweya, koma kumachedwetsa kuwonongekako. Akatswiri a sayansi ya mankhwala ali ndi kalamulo kongoyerekezera kakuti kutentha kukatsika ndi madigiri 10, liwiro la kusintha kotere limatsika ndi theka. Chipinda cha madigiri 25 ndi furiji ya madigiri 4 zasiyana ndi madigiri oposa 20, ndiye vinyo wa pa tebulo amaguga mofulumira pafupifupi kanayi kuposa wa mufuriji. Kawirikawiri vinyo woyera ndi wa rosé (wofiirira pang'ono) amakhala bwino masiku atatu mpaka asanu, wofiiranso chimodzimodzi.

Inde, wofiira nayenso alowe mufuriji. Anthu ambiri amakana zimenezi poganiza kuti vinyo wofiira sayanjana ndi kuzizira, koma akusokoneza zinthu ziwiri: kusunga ndi kumwa. Pomwa amafunika akhale pa madigiri 15 mpaka 18. Chochita n'chakuti mutsanulire tambula imene mukufunayo, botolo libwerere mufuriji pomwepo, tambulayo ikhale pa tebulo mphindi 20 kapena 30 mpaka ifunde. Kutulutsa botolo lonse kuti lifunde, n'kulibwezanso usiku, ndiko kutaya phindu lonse la furijiyo.

Zolakwika zake ndi zazing'ono koma zimachitikachitika. Botolo lotsegula liziima, lisagone, chifukwa likagona vinyo amayalana m'litali mwa botolo lonse ndipo malo okhudzana ndi mpweya amakula kwambiri, komanso chotsekera chobwezera chimatha kudontha. Ngati malo oimika botolo ali pa chitseko cha furiji pokha, ikani pomwepo: pamafundirako komanso pamagwedezeka, koma pali bwino kusiyana ndi kuligoneka pa shelefu. Pobwezera cork, chotsekera chija cholowa m'khosi mwa botolo, lowetsani mbali imene inali m'kati, yonyowa vinyo ija, ngakhale yatupa ndipo ikuvuta. Mbali yakunja imalowa mosavuta koma imakhala ndi fumbi, nthawi zina nkhungu. Ipotokoleni uku mukukanikiza. Ndipo muzitseka mukangotsanulira, osati pomaliza kudya. Mukaona timiyala tonyezimira pansi pa botolo kapena pa cork, musataye vinyo: ndi tartrate amene amaundana kukazizira, alibe vuto.

Kabotolo kakang'ono

Pa njira zonse zotsika mtengo, iyi ndiyo yopambana, ndipo n'zodabwitsa kuti ndi imene anthu amaiiwala. M'malo molimbana ndi mpweya umene uli m'botolo lalikulu, mumangosamutsira vinyo kumene kulibe malo a mpweya. Kabotolo ka mamililita 375 kakadzaza mpaka m'khosi kamatsala ndi mpweya wa mamililita asanu kapena kuchepera apo, momwe muli okosijeni wosafika mamiligalamu awiri. Yerekezani ndi 100 aja. Palibe pampu ya pamanja imene ingafike pamenepo.

Chinsinsi chili pa nthawi yake. Musadikire kuti mumwe kaye, botolo likhale lotsegula maola atatu, ndiye muzisamutsa zotsala pokagona: pofika nthawiyo vinyo wamwa kale mpweya. Mukangotsegula botolo, dzazani kabotolo kakang'onoko choyamba, mukatseke, mukaike mufuriji, kenako muzimwa wotsala m'botolo lalikululo. Potsanulira pendeketsani kabotoloko kuti vinyo azitsetsereka m'mbali mwa galasi mwakachetechete, asamagwe pakati n'kumachita thovu, chifukwa kukhavukira kulikonse kumalowetsa mpweya. Fanelo yoyera imathandiza. Siyani kampata ka sentimita imodzi pansi pa chivindikiro, popeza vinyo akafunda amafufuma pang'ono ndipo kabotolo kodzaza thothotho kamatha kudontha.

Kabotolo kabwino ndi kagalasi, kokhala ndi chivindikiro chopotokola chimene mphira kapena pulasitiki ya m'kati mwake ili yosang'ambika. Kamene munali vinyo kale ndiko koyenera kwambiri. Kamene munali viniga, mafuta ophikira kapena msuzi wa m'botolo kasiyeni, fungo lake limakanirira pa chivindikiro ngakhale mutatsuka kangati. Tsukani ndi madzi otentha, popanda sopo wonunkhira, n'kukazondotsa mpaka kaumiretu. Ndi bwino kukhala ndi timabotolo tosiyana kukula, ka 375, ka 250 ndi ka 187, kuti vinyo wotsala mulimonse apeze malo omukwana. Matanipo kapepala kolemba dzina la vinyo ndi tsiku, chifukwa timabotolo titatu tofanana mufuriji timasokoneza. Vinyo wosamutsidwa motere, atangotsegulidwa, amatha sabata yathunthu akukoma, ndipo vinyo wolimba amapitirira pamenepo.

Botolo lapulasitiki la madzi akumwa limagwiranso ntchito mukasowa lagalasi: thiranimo vinyo, lifinyeni mpaka vinyo afike pakamwa, n'kutseka lili chofinyidwa. Pulasitiki imalowetsa mpweya pang'onopang'ono, ndiye ndi la masiku ochepa basi. Pali njira ina yakale yoponya timipira tagalasi m'botolo kuti vinyo akwere mpaka m'khosi. Nzeru yake ndi yomweyi, koma kuti mudzaze malo a mamililita 375 pamafunika timipira tambirimbiri, tonse totsuka bwino, ndipo potsanulira timagubudukira kukamwa kwa botolo. Ndi ntchito yotopetsa pa chinthu chimene kabotolo kamachita m'mphindi imodzi.

Kuipa kwa kabotolo n'kwakuti mumayenera kudziwiratu kuti mumwa wochuluka bwanji. Ndiponso mukakatsegula n'kumwako theka, mwabwerera pa vuto lija.

Pampu ndi gasi, mbali ndi mbali

Ziwirizi zimagulitsidwa pa ntchito imodzi koma zimayenda njira zosiyana. Pampu imakoka mpweya kuutulutsa m'botolo. Gasi amaukankhira kunja n'kukhala m'malo mwake.

Pampu yodziwika kwambiri ndi Vacu Vin, imene Bernd Schneider anayamba kupanga ku Netherlands mu 1986. Ili ndi zigawo ziwiri: chotsekera champhira chokhala ndi kavalavu, ndi pampu yogwira pamanja. Mumaika chotsekeracho pakamwa pa botolo, kukhazika pampu pamwamba, n'kupopa mpaka italimba kapena italira kuti "tche". Ubwino wake ndi wakuti mumagula kamodzi, palibe chodzazanso. Koma ili ndi zofooka zitatu. Choyamba, siichotsa mpweya wonse. Tingoyerekeza kuti yachotsa magawo atatu mwa anayi: m'botolo lotheka mutsalabe okosijeni woposa mamiligalamu 25, wokwanira kuwononga vinyoyo, kungoti mochedwerako. Chachiwiri, mphira umaguga ndipo mpweya umabwereramo usiku. Kuti mudziwe, mvetserani mawa lake potsegula: chotsekera chikapanda kulira kuti "psii", ndiye kuti chinaphwa kalekale ndipo vinyo wanu wagona ndi mpweya wonse. Kunyowetsa chotsekera ndi madzi musanachiike kumathandiza kuti chigwire, ndipo kupopanso tsiku lililonse n'kofunika.

Chachitatu ndi chimene okonda vinyo amatsutsanapo. Mukamapopa mudzaona timathovu tikukwera kuchokera m'vinyo. Ameneyo ndi gasi wa carbon dioxide amene anasungunuka m'vinyomo, yemwe amapatsa vinyo woyera wamng'ono, monga Vinho Verde kapena Riesling, kakuthwa kake pa lilime. Akachoka, vinyo amamveka wofooka. Ena amati fungo lina limapita nawo limodzi, ena amati n'lochepa kwambiri moti silizindikirika. Maganizo athu ndi akuti pa vinyo wofiira wamba wa tsiku ndi tsiku pampu imawonjezera tsiku limodzi kapena awiri pamwamba pa furiji, koma pa vinyo wonunkhira mosakhwima siyenera kukhala chisankho choyamba. Choipitsitsa ndi pampu yopanda furiji: munthu amapopa, mtima n'kukhala m'malo, botolo n'kulisiya pafupi ndi chitofu.

Gasi amabwera m'chitini chopopera chokhala ndi kapaipi kowonda. Ena ndi argon yekha, ena, monga Private Preserve, ndi osakaniza nitrogen, carbon dioxide ndi argon. Chitini chatsopano chimapepuka ngati mulibe kanthu, musaganize kuti akupusitsani. Lowetsani kapaipiko m'khosi mwa botolo loimirira, nsonga yake iloze ku galasi osati pa vinyo, poperani kamodzi kwa sekondi imodzi, kenako katatu kapena kanayi mwachidule, ndipo mutseke nthawi yomweyo. Mukaloza pa vinyo penipeni, amathovoka n'kukumwazikirani, ndipo kuvundukako kumalowetsanso mpweya.

Otsatsa malonda amakonda kunena kuti argon amayala bulangete pamwamba pa vinyo chifukwa ndi wolemera kuposa mpweya. Kulemerako n'koona, amaposa mpweya pafupifupi ndi magawo 40 pa 100, koma magasi sakhala mosanjikizana kwa nthawi yaitali, amasakanikirana. Chimene chimateteza vinyo ndi kuchuluka kwa mpweya umene mwautulutsa, ndi kulimba kwa chotsekera. Choncho botolo lotsala pang'ono limafuna gasi wambiri kuposa lodzaza, ndipo kuchedwa kutseka kumabweza zinthu m'mbuyo. Akagwiritsidwa ntchito bwino, limodzi ndi furiji, gasi amaposa pampu: sakoka kanthu m'vinyo, ndipo vinyo amatha sabata kapena kuposerapo. Kuipa kwake n'kwakuti chitini chimatha, simuona ndi maso ngati mwapopera wokwanira, ndipo nthawi iliyonse mukatsanulira muyenera kupoperanso.

Pakati pa ziwirizi pali zotsekera zomwa okosijeni, monga Repour. M'kati mwake muli kapaketi ka mankhwala amene amayamwa okosijeni wa m'botolo. Mumamatula kapepala ka pansi pake, n'kutseka. Chimodzi n'cha botolo limodzi, likatha n'kutaya. Chikagwira bwino, potsegula mumamva kukoka pang'ono, ndipo vinyo amafuna mphindi zingapo mu tambula kuti fungo lake lidzuke. Ndi njira yabwino kwa munthu womwa tambula imodzi pa masiku angapo, bola asaiwale kuti botolo liime.

Coravin ili pa mpikisano wina

Chipangizochi anachipanga ndi Greg Lambrecht, amene ntchito yake inali yopanga zipangizo zachipatala, ndipo chinayamba kugulitsidwa mu 2013. Sichisunga vinyo wotsegula. Chimachititsa kuti botolo lisatsegulidwe n'komwe. Singano yobowoka m'kati imaboola cork, argon wochokera mu kapisozi, kachitini kakang'ono ka gasi, amalowa m'botolo, mphamvu yake n'kukankhira vinyo kunja kudzera mu singano yomweyo. Mukazula singano, cork imabwerera yokha n'kutseka kabowoko. Mpweya sulowa, ndipo vinyo wotsalayo amatha miyezi, ngakhale kupitirira chaka ngati cork ili yabwino.

Apa mawu ofunika ndi akuti "ngati". Cork yachilengedwe, yochokera ku khungwa la mtengo, ndiyo imabwerera. Yapulasitiki siibwerera, kabowo kamatsala. Cork yakale youma imafumbutuka, ndipo yozizira kwambiri imachedwa kutseka, choncho mukazula singano siyani botolo liime kwa mphindi zingapo musanaligoneke. Musanabaye, dinani kamodzi kuti argon atulutse mpweya umene uli mu singano, apo ayi mukulowetsa nokha chimene mukuthawa. Singano muziitsuka ndi madzi mukamaliza, chifukwa vinyo wouma m'kati mwake amasasa n'kukalowa m'botolo lotsatira. Kampaniyo imati kapisozi imodzi imatsanulira matambula pafupifupi 15, koma kudina nthawi yaitali m'malo modina mwachidule kumamaliza gasi msanga. Mabotolo a chivindikiro chopotokola amafuna chivindikiro chapadera cha kampani yomweyo. Palinso mtundu wotsikirako mtengo, Pivot, umene mumazula cork n'kuikapo chotsekera chake, ndipo eni ake amati umasunga mpaka milungu inayi.

Kodi n'koyenera kugula? Kwa munthu amene ali ndi mabotolo odula ndipo akufuna kulawa limodzi lero, linalo mwezi wamawa, kapena malo odyera ogulitsa vinyo wapamwamba pa tambula, palibe chofanana nacho. Kwa munthu amene botolo lake limatha pofika tsiku lachitatu, ndi ndalama zotayika: kabotolo kakang'ono kamupatsa zomwezo.

Vinyo wa thovu ali ndi malamulo akeake

Pa Champagne, Cava ndi Prosecco, mdani woyamba si okosijeni koma kuthawa kwa gasi. Pampu apa ndi yowononga, chifukwa imakoka thovu lomwe mukufuna kusungalo. Kusamutsira m'kabotolo nakonso kumataya thovu. Singano ya Coravin wamba siyololedwa pa mabotolo amenewa, ali ndi chipangizo chawo chapadera chogwiritsa ntchito carbon dioxide. Nanga supuni yolowetsa pakamwa pa botolo, imene anthu amalumbirira kuti imagwira ntchito? Siichita kanthu. Botolo la supuni likapezeka ndi thovu m'mawa, yagwira ntchito ndi furiji, chifukwa gasi amakhazikika bwino m'chakumwa chozizira.

Chofunika ndi chotsekera chachitsulo chokhala ndi mapiko awiri amene amakola pansi pa mlomo wa botolo. M'botolo la Champagne losatsegula mphamvu ya gasi imafika mabaa (muyeso wa mphamvu ya mpweya) asanu kapena asanu ndi limodzi, kuposa kawiri ya m'tayala la galimoto, ndipo ngakhale lotsegula kale limaunjikanso mphamvu mukalitseka. Cork wamba yongokanikiza imatha kufwamphuka mufuriji kapena kumaso kwa munthu. Potsegula chotsekera chamapiko, chigwireni ndi chikhatho ndipo botolo liloze kutali ndi nkhope. Ndi chotsekera chotere, thovu limakhala tsiku limodzi mpaka atatu. Champagne ndi Cava, amene thovu lawo limapangikira m'botolo momwemo, amapirira kuposa Prosecco wopangira m'thanki.

Vinyo mwiniwakeyo amalamula kuposa chipangizo

Masiku onse tatchulawa amasintha malinga ndi vinyo. Wofiira wamng'ono wokhala ndi tannin wambiri, uja amaumitsa m'kamwa, monga Cabernet Sauvignon, Syrah kapena Nebbiolo, nthawi zambiri amakoma kwambiri tsiku lachiwiri, ndipo kumupopera gasi usiku woyamba n'kosafunika kwenikweni. Pinot Noir amafooka msanga. Vinyo woyera wowawasa bwino, monga Riesling ndi Chenin Blanc, amalimba, ndipo wotsekemera kwambiri ngati Sauternes amatha milungu ingapo mufuriji. Wopangidwa popanda kuthiramo sulfite ndi wosadalirika, wina amapirira, wina amasintha tsiku lomwelo. Vinyo wokalamba wa zaka 20 kapena 30 amatha kuzilala m'maola ochepa atatsegulidwa, ndipo palibe pampu kapena gasi amene angamubweze. Ameneyo itanani anzanu mumalize.

Vinyo wowonjezeredwa mowa amasokoneza anthu chifukwa amaganiza kuti onse sawonongeka. Madeira ndiye salabadira kanthu, popeza pomupanga amamutenthetsa ndi kumupatsa mpweya mwadala, ndipo amakhala miyezi. Port wa tawny amatha mwezi kapena kuposerapo, koma Port wa vintage ndi wa masiku awiri kapena atatu. Sherry wa fino ndi manzanilla ndi wosakhwima ngati vinyo woyera, alowe mufuriji ndipo athe sabata isanathe. Vermouth naye ndi vinyo, si kachasu wosungira m'kabati chaka chonse: mufuriji, mwezi umodzi kapena iwiri.

Ngati kumwa kwanu ndi kwa tambula imodzi madzulo, mwina funso la chipangizo n'losafunika. Vinyo wa m'bokosi, amene Thomas Angove anayambitsa ku Australia mu 1965, amakhala m'thumba limene limafwapa vinyo akamatuluka, ndiye mpweya sulowa m'malo mwake. Bokosi la malita atatu ndi mabotolo anayi, ndipo likatsegulidwa limatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, makamaka mufuriji. Kungoti thumbalo limalowetsa mpweya pang'onopang'ono ngakhale lisanatsegulidwe, choncho onani tsiku lolembedwa pa bokosi ndipo musaligule kuti musunge chaka.

Vinyo amene wangosukuluka koma sanasase ndi wabwinobe kuphikira. Muthireni m'thireyi ya ayisi, aume mufiriza, kenako musunge timibuluto m'thumba lotseka. Sauma gwa ngati madzi chifukwa cha mowa uli m'katimo, ndiye thumbalo likhale losadontha. Botolo lagalasi lodzaza musaliike mufiriza, vinyo akauma amafufuma n'kukankha cork kapena kuswa botolo. Amene wayamba kale kununkha viniga, kapena fungo lakuthwa la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, musamuike mu mphika: moto umaumitsa madzi, kusasako n'kutsala kowirikiza mu msuzi.